Tchire la pa Manda a Lameki

Ntchito yanga ku Dublin inali yobzala tchire. Ndikanena choncho anthu kuno amaseka, amati ndikubisa, mwina ndinkasambitsa nkhalamba kapena kutsuka mbale monga anzanga ambiri. Palibe chimene ndikubisa. Ndinasiya munda wa bambo anga ukumera thengo, n'kukwera ndege kukalembedwa ntchito yolera tizitsamba m'timiphika ta pulasitiki kuti azungu azigula.

Ndinapita pa mapepala a sukulu, monga tinkachitira ambiri masiku amenewo, ngakhale kusukuluko ndinkangopita kukaonetsa nkhope. Pabwalo la ndege anandilandira ndi Lameki, mnzanga wa ku Phalombe amene tinkagwira naye ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Limbe iye asanapite kunja. Unali mwezi umene eni dziko amati n'chilimwe, ena akuyenda ndi makabudula. Lameki anabwera atavala majekete awiri ndi chipewa chotseka makutu.

"Aise, wabwera ndi bulangete?" Limenelo ndilo linali funso lake loyamba, asanafunse n'komwe za kumudzi.

Sindinaonepo munthu woopa kuzizira ngati iyeyo. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Skerries, katawuni ka m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa mzinda, ndipo anthu m'nyumbamo tinali ambiri kuposa mabedi. Aliyense anali ndi chake chimene sankalola wina kukhudza, wina mpando wa pafupi ndi hita, wina poto. Cha Lameki chinali bulangete lolemera la chithunzi cha kambuku, limene mayi ake anamugulira ponyamuka. Linadya theka la sutikesi yake, moti nsapato zina anazisiya pa Chileka. Ankadya atalifunda, kuonera mpira atalifunda, ndipo akanamulola bwenzi akupita nalo ndi kuntchito komwe. Tinkamutcha Kambuku, iye n'kumavomera.

Ndi iyeyo amene anandipezera malo kunazale kumene ankagwira. Mwini wake anali a Dekilani, mkulu wofiira nkhope, wolankhula mothamanga kwambiri moti miyezi yoyambirira ndinkangovomera ndi mutu kenako n'kuyang'ana Lameki kuti andiuze chimene ndavomera. Kunazaleko kunali mitengo, kunali maluwa a mitundumitundu, koma ife awiri anatiika ku kachitsamba kotchedwa hedha.

Hedha alipo wa mitundu yambiri. Wathuyo kwawo ndi kumapiri atali a ku Ulaya kumene chisanu chimaundana miyezi yambiri. Satalika kupitirira chikhatho choimika. Masamba ake ndi timasingano tobiriwira, mizu yake ndi yopyapyala ngati tsitsi. Sakwera m'mwamba, amayenda cham'mbali, ndipo nthambi ikagona padothi imatulutsa mizu yakeyake pomwepo. Chodabwitsa chake n'choti amachita maluwa nthawi yozizira kwambiri, mitengo yonse itayoyola masamba. Ndi timaluwa ting'onoting'ono tofiirira, tooneka ngati timabelu, tambirimbiri mpaka masamba osaoneka.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Sabata yoyamba ndinayang'ana mizere ya timiphika tija n'kumva chisoni.

"Mbewu zapinimbira izi," ndinamuuza Lameki. "Feteleza amasunga kuti? Tingothira yuleya pang'ono, mwezi umodzi zikhala zofika m'chiuno."

Lameki anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ukangothira ufiti wakowo, mawa tonse tili pamsewu. Ameneyu wakula kale. Feteleza amamuwotcha, manyowa amamuwoletsa. Amafuna dothi losauka, losasunga madzi, ndi dzuwa basi."

"Nanga ntchito yake n'chiyani? Amadya?"

"Akuti ground cover. Bulangete la dothi, aise. Ukamubzala n'kugwirana, udzu sumeranso. Anthu a kuno khasu salifuna."

Zinanditengera nthawi kuti ndizimvetse. Kwathu dothi loyera ndiwo ulemu. Pakhomo timasesa mpaka mizere ya tsache ioneke, ndipo chilichonse chokwawa pafupi ndi nyumba timati chisunga njoka. Kumeneko njoka kulibe, ndipo dothi loonekera amachita nalo manyazi. Ndinkabzala, ndinkalandira malipiro anga, koma mumtima ndinkati anthu awa ndi alesi chabe amene apezera ulesi wawo dzina labwino.

Zaka zoyambazo ntchito inali yothamanga. Kulikonse ankamanga nyumba, ndipo nyumba iliyonse yatsopano inkafuna hedha kutsogolo kwake. Malole ankabwera m'mawa, ife n'kumapakira manja atauma ndi chisanu, Lameki akuimba nyimbo za kwaya mano akuwombana. Nthawi zina a Dekilani ankatitenga kuti tikabzale tokha kumene akumanga, ndipo tinabzala mzere wautali m'mbali mwa msewu wolowera ku nyumba zina zoyandikana ndi njanji. Zala zinkang'ambika, msana unkawawa, ndipo nkhomaliro tinkadyera m'galimoto titagundana mapewa kuti tifunditsane. Kumapeto kwa mwezi tinkakwera sitima kupita m'tauni kukatumiza kangachepe kumudzi, kenako n'kugula tchipisi n'kukhala pa benchi, tikukambirana za malata ndi njerwa za nyumba zathu zimene sitinazione.

Kenako chuma cha dziko lija chinagwa. Sichinagwe ndi phokoso. Malole anangoyamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako osabweranso. Ukakwera sitima unkaona mizere ya nyumba zopanda mawindo, makina omangira ataima pamene anawasiya, udzu ukumera m'milu ya mchenga. Anzathu a ku Poland analongedza n'kumapita. Zotumiza kumudzi zinachepa, mafoni ochokera kumudzi n'kuchuluka. Tsiku lina a Dekilani anatiitana awiri tonse n'kunena, akuyang'ana nsapato zawo, kuti angathe kusunga mmodzi yekha. Ndisanatsegule pakamwa Lameki anali atavula kale magolovesi.

"Tsala ndiwe, aise. Ine ndamva kuti ku airport akufuna okolopa. Bola kukolopa zimbudzi m'nyumba yofunda."

Sindikudziwa ngati ankanena zoona kapena ankangondisiyira malo poti ine ndinali ndi ana. Sindinamufunse.

Kuyambira pamenepo tinkaonana pakhomo pokha, iye akulowa ine ndikutuluka. Lendi itakwera tinayamba kugawana bedi limodzi mosinthana, ndipo ndinkati ndikabwera madzulo n'kupeza kambuku atapindidwa bwinobwino kumutu, chizindikiro choti ndisayerekeze. Anakolopa kubwalo la ndege chaka ndi miyezi. Tsiku lina masana anagwa pafupi ndi ndowa yake. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika.

M'wodi imene anamugoneka, kuchipatala chachikulu cha m'tauni, munali namwino wa ku Katete, ku Zambia, dzina lawo mayi Tembo, wamkulu thupi, wa mawu omveka kutali. Iwo ndi amene anamva wodwala akung'ung'udza m'chinenero chawo kuti akumva kuzizira, n'kumubweretsera chofunda china. Ndi iwonso amene anandiimbira foni atatsirizika.

Tinasonkhana muholo ya tchalitchi, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ophunzira a kuyunivesite ndi ife a manja okhakhala. Mbale inazungulira n'kuzunguliranso, koma ambiri muholomo anali atachotsedwa ntchito. Zoti thupi likwere ndege zinakanika. Udindo woimbira mayi ake, a Nambewe, unagwera ine. Pafoni ndinkamva amayi ena akulira kumbuyo kwawo, koma iwo sanalire.

"Ndiye mukuti agona komweko?"

"Eya, mayi. Tayesetsa, zakanika."



"Nanga azilambula ndani? Inu nonse mudzabwerera kwanu. Mvula ikadzagwa kawiri, mwana wanga adzakhala patchire ngati wopanda abale."

"Sipadzamera tchire, mayi. Ine ndilipo."

"Mwanena nokha," anatero, n'kudula.

Tinamuika m'manda akale a pa kaphiri koyang'ana kunyanja, kumene mphepo imawomba osapumira. Ndinabweretsa bulangete la kambuku lija kuti tiliike m'bokosi monga timachitira kwathu, koma bokosi linali lopapatiza. Anthu osamalira maliro anayesa kulipinda uku ndi uku, chivundikiro osatsekeka. Ndinabwerera nalo kunyumba m'jumbo.

Miyezi yoyamba ndinkapalasa njinga Lamlungu lililonse kupita kumandako ndi kafosholo ka m'manja. Ndinkazula, kusalaza, kusesa. Sabata yotsatira n'kupeza udzu wabwerera. Udzu wa ku Ireland sudziwa chilimwe, chifukwa mvula imagwa chaka chonse. Manda oyandikana nawo, amene eni ake anasiya kubwera, anali ndi udzu wofika m'mawondo ndi minga yokwawa pamwamba pa miyala. Ndinkawayang'ana n'kudziwa kuti ndalonjeza chinthu chimene khasu silingakwanitse. Mapepala anga anali ndi malire, nazale nayo inkapuma movutikira. Ndikadzachoka, Lameki adzafanana ndi anansi akewo.

Tsiku lina ndili m'sitima ndinaona nyumba zija za m'mbali mwa njanji. Munalibe munthu ndi mmodzi yemwe, zitseko zinali zokhomedwa ndi matabwa, udzu uli paliponse. Koma mzere umene tinabzala ndi Lameki unali utagwirana, wosalala, wopanda udzu ngakhale umodzi, chonsecho palibe amene anaukhudza chichokereni ife.

Sabata yomweyo a Dekilani anandiuza kuti nditaye hedha yense wosagulidwa, poti anali atadzaza timiphika ndipo madzi omuthirira ankangowonongeka. Wilibala yoyamba ndinakaikhuthula kudzala, yachiwiri ndinaima nayo pakati pa njira. Ndinawafotokozera a Dekilani za manda a Lameki m'Chingelezi changa chothyokathyoka.  Loweruka anabwera ndi galimoto yawo yakale atanyamula mchenga wokhakhala ndi masamba owola, n'kugwada nane pamanda a munthu amene anamuchotsa ntchito.

Tinakumba n'kutola muzu uliwonse wa udzu, chifukwa ukasiya kachidutswa kamodzi kamadzatulukira pakati pa chitsamba pamene dzanja silingafike. Tinasakaniza dothi ndi mchenga uja. Chitsamba chilichonse tinkachimasula mizu ndi zala n'kuchibzala mozama, kuti nthambi zam'munsi zikhudze pansi. Tinasiya mipata ikuluikulu pakati pake, moti pomaliza manda ankaoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha.

"Uzipalira m'mipatamu mpaka agwirane," anatero a Dekilani. "Zaka ziwiri, mwina zitatu. Akagwirana, wamaliza. Adzadzisamala yekha iwe ndi ine titapita."

Ndinapalira. Chilimwe choyamba ndinkanyamula madzi m'zigubu panjinga. Nyengo yozizira itafika anachita maluwa pang'ono, njuchi zoyambirira n'kubwera. Maluwa atafota ndinamumeta pamwamba ndi sizasi kuti achite nthambi zambiri. Chaka chachiwiri nthambi za chitsamba china zinayamba kulowa mwa chinzake, mipata n'kutsala yaing'onoing'ono. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire Lameki ndinkatha kudumpha Lamlungu osadziimba mlandu. Kutchalitchi ndinkapita mwa apo ndi apo, ndipo akandifunsa za manda ndinkangoti ndinabzalapo maluwa. Ndani akanamvetsa kuti tchire lina ndi lobzala?

Nazale inatsekedwa kumapeto kwa chilimwe chimenecho. A Dekilani anagulitsa malo, mbewu zonse zotsala zinapita kudzala, ndipo ine ndinagula tikiti yobwerera kwathu. Loweruka lomaliza, tikugwetsa mashedi a pulasitiki, foni inalira. Anali mayi Tembo.

"Achimwene, tili kuno kumanda na azimai a ku church. Tabwela kuona m'bale wathu. Mukatsiliza bwelani, tabweletsa na ma scones."

Ndinapalasa njinga mosathamanga, ndikuganiza zabwino zokhazokha. Ndili pachipata ndinamva nyimbo. Amayi anali atavala zitenje pamwamba pa makhoti, ataima mozungulira manda. Mandawo anali oyera mbee. Dothi analisalaza bwinobwino, mizere ya tsache ikuoneka, pakati ataikapo nkhata ya maluwa a pulasitiki. Hedha yense anali mulu m'mbali mwa mpanda wa miyala, mizu ili m'mwamba. Inali nyengo imene sachita maluwa, amangokhala wobiriwira modera, ndipo kunena zoona, kwa munthu wakwathu ankaoneka ngati tchire.

Mayi Tembo anabwera akupukuta manja pachitenje, thukuta lili kamukamu.

"Imwe achimwene, mukhala pafupi, manje mwalekelela bwanji munzanu kumela sanga so? Tavutika since morning. Mizu yake yogwila maningi, takumba na ma fork a mu kitchen. Maluwa amene munakamba sitinawaone, yanadyewa na vimauzu."

Mtima unandipweteka kwambiri, kuposa tsiku la maliro. Koma anthu akalambula manda a m'bale wako, umathokoza. Amayi amenewa anali atasiya tsiku lawo lopuma, kukwera sitima, kugwada padothi lozizira chifukwa cha munthu amene ambiri a iwo sanamudziwe. Ndinavula chipewa, ndinaomba m'manja, ndinathokoza m'dzina la a Nambewe ndi banja lonse. Ndinadya sikono. Wina anati ndijambule chithunzi chokaonetsa kumudzi, ndipo ndinajambula.

Atayamba kutsika kupita kusiteshoni, ndinapita pa mulu uja. Kunali mitambo ndi kamvula kowaza, ndiye mizu inali isanaume. Zitsamba zikuluzikulu zinali zitathyoka pakhosi, zosabwereranso. Koma nthambi zimene zinagona pansi n'kutulutsa mizu yakeyake zinalipo zambiri, ndipo ndinayamba kuzidula n'kumaziika pa jekete langa. Sindinamve kuti mayi Tembo abwerera kudzatenga ambulera yawo.

"Nanga muchita chani na zinyalala?"

Ndinawauza za nazale, za a Dekilani, za mipata imene inatsala pang'ono kutsekeka, za lonjezo langa kwa a Nambewe, ndiponso kuti tikiti yanga inali kale m'thumba. Ndinalankhula mosakweza mawu, ndikupitiriza kusankha nthambi. Iwo anangokhala pansi pa mwala wa manda a munthu wina, chinthu chimene mayi wa mpingo sachita.

"Mayo ine," anatero. "Manje munatiyamikila chani?"

"Munabwera ndi mtima wabwino, mayi."

"Mtima wabwino na fork!"

Sitima inawasiya. Anagwada nane n'kufafaniza ndi manja awo omwe mizere ya tsache ija. Tinabzala tinthambi tonse timene tinali ndi mizu, tating'ono ngati zala. Mipata tsopano inali yaikulu kuposa poyamba, ndipo wopalira sakanakhalanso ine.

"Uwu ndi udzu, muzizula," ndinawaonetsa. "Uyu ndi hedha, musamukhudze. Kukauma muzithirira. Maluwa akafota muzimumeta pamwamba pokha, musafike pa mtengo wakale, sangaphukenso. Feteleza ayi, manyowa ayi."

"No fertiliser? Manje kazakula bwanji aka?"

"Sikakula, mayi. Kamangofalikira."

"Na azimai anzanga nizabauza chani next year?"

"Muwauze abwere ndi nyimbo ndi masikono. Matsache asiye kunyumba."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka matope pamphumi. Nkhata ya pulasitiki ija tinaikoleka pa mtanda.

Ndinabwerera kumudzi ndi sutikesi imodzi, theka lake litadyedwa ndi bulangete la kambuku. Nyumba ya malata ija ndinaipeza, yaing'ono kuposa mmene inkaonekera ndili pa benchi ku Dublin. Ana anga ankandipatsa moni wogwada, wa mlendo, n'kuthawira kwa mayi awo. Munda wa bambo uja, mng'ono wanga anali ataulima zaka zonsezo ndipo ankautchula kuti wake, ine sindinatsutse. Mkazi wanga ankandiseka akandiona ndikuyang'anitsitsa bwalo losesedwa, amati ndikufunafuna chiyani pamenepo.

Ku Phalombe sindinachedwe kupitako. Mkazi wa Lameki anali atakwatiwa kwina. A Nambewe ndinawapeza mutiyirumu mwawo pamsika, mayi wamfupi wowuma thupi, maso ofanana ndi a mwana wawo. Tinalowa kuseri, ndinapepesa monga mwa mwambo, n'kuwaonetsa chithunzi cha tsiku la amayi lija, dothi loyera, mizere ya tsache, nkhata ya pulasitiki. Za tinthambi sindinanene, poti sindinkadziwa ngati tigwire.

"Mwasesa bwino," anatero.

Kenako ndinatulutsa bulangete. Analiyang'ana osaligwira.

"Ili latsala bwanji?"

"Silinakwane m'bokosi, mayi."

"Ndiye wagona choncho? M'dziko lozizira limene ankadandaula nalo lija?"

Anayang'ananso chithunzi chija, dothi lokhalokha ndi nyanja yotuwa kumbuyo kwake. Analipinda bulangetelo, kuliika pa thumba la shuga, n'kubwerera kwa makasitomala awo. Ndinamwa tiyi amene anandipatsa osamva kukoma kwake.

Mayi Tembo ankandilembera pafoni mwa apo ndi apo. Tinthambi tina tinauma, tina tinagwira. Chaka china anandiuza kuti anakangana ndi mayi wina watsopano amene anabwera kumanda ndi khasu lenileni lochokera ku Lilongwe, mpaka abusa analowererapo. Ine kuno ndinkalima chimanga pa kamunda kobwereka, ndikuthira feteleza monga munthu wina aliyense.

Chithunzi chinafika nyengo ya mvula kuno, kumeneko kukuzizira kwambiri. Manda oyandikana nawo anali oyera ndi chisanu. Manda a Lameki anali atatsekeka kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, ofiirira ndi timaluwa, nthambi zina zitatsikira kunja kwa malire a simenti. Dothi silinkaoneka ngakhale pang'ono. Pansi pa chithunzicho mayi Tembo analemba liwu limodzi: "Agwilana."

Ndinasangalala, kenako ndinachita mantha. Ndinalonjeza kuti sipadzamera tchire, ndipo chimene ndinali nacho m'manja chinali chithunzi cha manda amene palibe wasesapo kwa zaka. Ndikanatha kungokhala chete, a Nambewe n'kutsala ndi manda oyera aja m'mutu mwawo. Koma manda oyerawo anali a tsiku limodzi lokha, ndipo mwana anali wawo. Ndinakwera minibasi.

Ndinawapeza akutsuka makapu. Anali atakalambako, maso atayamba kuchita nkhungu. Anapukuta manja n'kulandira foni, kuiika patali, kuiyandikitsanso.

"Awa ndi manda omwe aja?"

"Omwewo, mayi."

"Chamera ichi n'chiyani?"

"N'chobzala. Ndinabzala ine, akusamala ndi mayi wina wa ku Zambia amene anali naye kuchipatala. Udzu sungamerenso pamenepo, ngakhale tonse titachoka."

"Sasesapo?"

"Palibe posesa, mayi."

Ine ndinkadikira liwu lakuti tchire. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri monga anawaphunzitsira adzukulu awo, n'kuyamba kuchiyendetsa pang'onopang'ono, kuyambira pa mtanda, kutsata m'mbali monse.

"Dothi lili kuti?"

"Lili pansi pake."

"Choyera ichi pa manda enawa?"

"N'chisanu, mayi."

"Pa iye sichifika?"

"Chimathera pamwamba pa masamba. Pansi sichifika."

Anafika kumiyendo, pamene nthambi zinatsikira kunja kwa simenti, n'kuyang'anapo nthawi yaitali.

"Ankatero ali mwana," anatero. "Ukamufunditsa, ankakoka mpaka mapazi asaoneke."

Kasitomala wina anaitana kutsogolo kuti akufuna shuga.  Koma a Nambewe anandibwezera foni n'kundigwira pamkono ndi dzanja lawo lozizira ndi madzi otsukira.

"Muwauze amayi a ku Zambiawo," anatero, "asadzamuvundukule."